PHUNZIRO LA OLIZA CITOLIRO: ZA ZALA ZOKANA

Mwezi uno tifuna kukambirana nanu za kanthu kamene ena adzati nkakang'ono, kosayenera kulowa m'kalata wa Mpingo. Ndiko kuliza citoliro. Koma taona kuti m'midzi yambiri anyamata ndi atsikana athu ali nazo zitoliro, zina za bango kapena nsungwi zodziboolera okha, zina za citsulo zogula ku sitolo. Ndipo ena a iwo ayamba kutsogolera nazo nyimbo m'mapemphero a kumudzi, kumene kulibe limba. Cinthu cikayamba kutsogolera anthu a Mulungu poyimba, sicikhalanso coseweretsa iai. Ciyenera kuphunziridwa bwino.

Tsiku lina la Sabata tinapita kukacititsa mapemphero ku mudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje. Anthu anayimba nyimbo imene ife tinaiphunzira tiri ana ku sukulu. Anayimba ndi mtima wonse. Koma pofika pa mzere wacitatu onse pamodzi anapotoka, amuna ndi akazi, ngakhale nkhalamba zimene kale zinaidziwa bwino. Titaturuka tinafunsa mkuru wa Mpingo, "Kodi anakuphunzitsani kuyimba cotero ndani?" Iye anati, "Palibe, aphunzitsi. Ife tingotsata citoliro." Pamenepo tinaitana mnyamata wolizayo, tinakhala naye pansi pa mtengo, ndipo tinampempha alizenso mzere uja pang'onopang'ono. Anayesa kawiri, nawerama ndi manyazi, nati, "Bambo, pamenepa zala zanga zikana, cifukwa cace ndimadumphapo, ndi kuikapo liu lina loyandikana nalo." Anacita cotero miyezi yambiri, ndipo mudzi wonse unaphunzira colakwa cace. Mnyamatayo sanali woipa mtima; anali wacangu, wosasowa ku mapemphero. Koma panalibe womuuza kuti malo obvutawo ndi oti munthu awaphunzire, si owalambalala iai.

I. CITOLIRO M'BUKU LOPATULIKA

Citoliro si cinthu ca lero. Pa Genesis 4:21 timva kuti luso limeneli linayamba ndi Yubala, wa pfuko la Kaini. Tsiku limene Solomo anadzozedwa ufumu, anthu anamperekeza ndi zitoliro mokondwera (1 Mafumu 1:40). Ndipo Ambuye wathu polowa m'nyumba ya mkuru uja amene mwana wace wamkazi anamwalira, anapeza oliza zitoliro za maliro ali momwemo (Mateyu 9:23). Mtumwi Paulo nayenso, pofuna kuphunzitsa Akorinto kuti wonena mumsonkhano anene zomveka, anatenga fanizo la citoliro comwe (1 Akorinto 14:7): woliza akasokoneza mau, womvera adzaizindikira bwanji nyimbo? Cotero kuliza kolongosoka ndi nkhani imene atumwi omwe sanaipeputse.

II. UMO LIU LITURUKIRA

Mukauzira m'citoliro, mpweya wanu ugunda pa malo akuthwa a kukamwa kwace, nugawanika, nunjenjemeretsa mpweya wokhala m'kati. Mpweya wonjenjemerawo ndiwo ulira. Ukatalika, liu likhala lalikuru. Ukafupika, liu likhala laling'ono. Yesani ndi botolo: uzirani pakamwa pace liri lopanda kanthu, bwino lace thiranimo madzi kufikira pakati, ndi kuuziranso, mudzamva kuti liu lakwera, pakuti madzi afupikitsa malo a mpweya. Kutsegula bowo la citoliro kucita comweco. Kuli ngati mwadula bango pamenepo.

Tsono sungani mau awa, pakuti phunziro lonse liimira pa iwo. Mukatsegula bowo limodzi ndi kutseka ena a kunsi kwace, liu litsika pang'ono, koma losafika pa khwerero lathunthu. Kagwiridwe kotere tikacha kugwira kodumpha, cifukwa tidumpha bowo limodzi ndi kutseka otsatira. Ndiko kumene kutipatsa mau a pakati, ndiponso ndiko kumene kubvutitsa zala.

III. MAKWERERO A CITOLIRO CA MABOWO 6

Tinena za citoliro ca citsulo ca mabowo 6, conga cimene Robert Clarke anayamba kupanga ku England mu 1843, cotsika mtengo kotero kuti ana a amphawi anatha kucigula. Mabowo tiwawerenga kuyambira kukamwa. Dzanja lamanzere likhala kumtunda: cala camkombaphala pa bowo 1, capakati pa bowo 2, ca mphete pa bowo 3. Dzanja lamanja likhala kunsi, pa mabowo 4, 5 ndi 6 momwemonso. Zala zazikuru zicirikiza pansi. Mau tiwachula monga tinaphunzirira ku sukulu, ndi maina amene mbusa wa ku England, John Curwen, womwalira mu 1880, anawafalitsa kuti anthu wamba ayimbe bwino m'chalichi.

Do: mabowo onse otseka.
Re: tsegulani bowo 6.
Mi: tsegulaninso bowo 5.
Fa: tsegulaninso bowo 4, zala zitatu za manzere zokha zatsala.
So: zala ziwiri za kumtunda.
La: cala cimodzi, pa bowo 1.
Ti: mabowo onse otsegula.
Do wa pamwamba: tsekaninso onse, kapena onse kusiya bowo 1, ndi kuuzira kolimba pang'ono.

Iye amene adziboolera citoliro ca bango aciyese ndi munthu wodziwa kuyimba makwerero awa. Liu likatsika kopitirira, kuzani bowo lace pang'ono. Likakwera kopitirira, cepetsani bowolo ndi phula.

Kukwera ndi kutsika makwerero cala cimodzi cimodzi nkwapafupi. Mwana atha kukudziwa m'masiku owerengeka. Apa ndipo ambiri alekera, nayesa kuti adziwa citoliro. Koma nyimbo siiyenda monga munthu akwera makwerero. Ilumpha, ibwerera, ifuna mau a pakati. Pakati pa do wa pansi ndi do wa pamwamba limba liri ndi mau 12, koma citoliro cathu cipatsa 7 okha mwa kutsegula mabowo motsatana. Otsalawo tiwapeza ndi nzeru.

IV. MALO ATATU OBVUTA

Malo oyamba ndiwo kucokera pa ti kupita pa do wa pamwamba. Pa ti zala zonse ziri m'mwamba. Pa do zala zisanu kapena zisanu ndi cimodzi ziyenera kugwa pa kamphindi kamodzi. Cimodzi cikacedwa, kapena cikagwera pambali pa bowo lace, citoliro cilira ngati nkhuku yogwidwa ndi mphamba. Thandizo ndi ili: muli pa ti, gwetseranitu zala za dzanja lamanja pa mabowo ao. Pa zitoliro zambiri liu la ti silisintha kwambiri, pakuti mabowo atatu a kumtunda ali cotsegukira. Ndipo pofika pa do zatsala zala ziwiri zokha zoti zigwe. Yesani pa citoliro canu, khutu lanu liweruze.

Malo aciwiri ndiwo amene anagwetsa mnyamata uja, ndipo tifuna muwamvetse bwino. Nyimbo zambiri za m'chalichi zitsikira kunsi kwa do, kufikira so wa pansi. Koma citoliro ciribe liu la kunsi kwa mabowo onse otseka. Potero woliza asamutsa do, namuika pa zala zitatu za manzere. Atatero, mabowo onse otseka asanduka so wa pansi, otseka asanu, la, otseka anai, ti, zala zitatu, do, ziwiri, re, cimodzi, mi. Nanga fa watsopano ali kuti? Mukatsegula mabowo onse, liu lipitirira fa, likhala fe. Fa weniweni apezeka ndi kugwira kodumpha: bowo 1 lotsegula, mabowo 2 ndi 3 otseka, a kunsi onse otsegula. Pa zitoliro zina muyenera kuonjezapo cala cimodzi kapena ziwiri za dzanja lamanja kuti liu likhale bwino.

Taonani tsono cimene cicitika pocoka pa mi kupita pa fa. Camkombaphala ciyenera kukwera, pamene capakati ndi ca mphete zitsika. Zala zitatu za dzanja limodzi, ulendo wosiyana, nthawi imodzi. Camkombaphala cikafulumira kukwera zinzace zisanagwe, mabowo onse atseguka, ndipo kumveka fe wosafunika. Ziwirizo zikafulumira kugwa camkombaphala cisanacoke, mabowo atatu atsekeka, ndipo kumveka do. Cotero kaliu kacilendo kamene mukamva kadzakuuzani cala cimene calakwa: mukamva liu lokwera, camkombaphala cathamanga, mukamva lotsika, cacedwa. Akuru anati, liwiro la mumcenga nkuyambira pamodzi. Koma limbani mtima, pakuti mutafika pa fa, kupita pa so wa pamwamba nkwapafupi: dzanja lamanzere likhala momwemo, zala zitatu za manja zingogwa.

Malo acitatu ndiwo kutseka bowo theka. Do akakhala pa mabowo onse otseka, ndipo nyimbo ifuna fe, tsekani mabowo 1 ndi 2, ndi kuphimba bowo 3 mbali imodzi yokha. Pano palibe cizindikiro coona ndi maso. Cala cisendezedwa pang'ono kufikira khutu libvomereza. Cifukwa cace woliza ayenera kuyamba waliyimba liulo ndi pakamwa pace. Pakuti cala sicingapeze liu limene khutu silidziwa.

V. CIFUKWA NINJI CALA CA MPHETE CIKANA?

Ikani dzanja lanu pa gome, cikhatho pansi. Pindani cala capakati cilowe kunsi kwa cikhatho, zina zonse zikhale zotambasuka. Tsono tukulani cacikuru, cikwera. Tukulani camkombaphala, cikwera. Tukulani kacala kakang'ono, nakonso kakwera. Koma ca mphete cidzakhala ngati camatidwa pa gome. Ici cicitika cifukwa mitsempha yotukula cala cimeneci ilumikizana ndi ya zinzace kumbuyo kwa dzanja. Cotero si ulesi wanu wokha iai, ndi mapangidwe a dzanja la munthu ali yense, Mzungu ndi wakuda yemwe. Musacite manyazi ndi cala cofoka, ndiponso musacikakamize kufikira kupweteka. Cizolowezeni tsiku ndi tsiku, ndipo cidzaphunzira kuyenda pa nthawi yace.

VI. ZIMENE AMISIRI ANAYESA

Mwina wina adzati, Ndikadakhala naco citoliro ca mtengo wapatali, bvuto likadatha. Tamvani mbiri. Ku Munich, m'dziko la Germany, kunali Theobald Boehm, wobadwa mu 1794, mwana wa wosula golidi, ndipo iye mwini anali wosula ndi woliza citoliro. Mu 1831 anamva Charles Nicholson alikuliza ku London ndi citoliro ca mabowo akuru, ca liu lamphamvu. Nabwerera kwao, napanga citoliro catsopano mu 1832, ndi cina coposa mu 1847. Nzeru yace inali iyi: anaboola mabowo pa malo pamene liu liwafuna, si pamene zala zifika iai, naika timitsulo totsekera, kuti cala cimodzi cithe kutseka bowo lakutali. Zitoliro zochedwa flute zimene ziyimbidwa lero m'magulu akuru a oyimba zitsata mapangidwe ace. Koma ngakhale pa izo alipobe malo pamene zala pafupifupi zonse zisinthana pa kamphindi kamodzi, zina kukwera, zina kutsika. Ndipo ophunzira alira nawo monga ife.

Ciriponso citoliro cochedwa recorder, ca mabowo 7 kutsogolo ndi limodzi kumbuyo la cala cacikuru. Pa ico fa afuna kugwira kodumpha. M'zaka za m'ma 1920 amisiri a ku Germany, potsata Peter Harlan, anasintha ukuru wa mabowo kuti ana apeze fa ndi cala cimodzi, osadumpha. Fa anapepukadi, koma fe anasanduka wobvuta, ndi wosamveka bwino. Anacotsa minga pa njira imodzi, naiunjika pa inzace. Mukagula recorder, penyani mabowo a kutsogolo: bowo 5 likacepa kuposa bowo 4, ndico ca mtundu wa ku Germany, likakula kuposa bowo 4, ndico ca mtundu wakale, ndipo kagwiridwe ka fa kasiyana.

Oliza clarinet nawonso ali nao mtsinje wao wooloka, pakati pa mau a pansi ndi a pamwamba, pamene acokera pa mabowo pafupifupi onse otsegula kupita pa onse otseka. Aphunzitsi ao awalangiza kugwetseratu dzanja lamanja asanafike pa dooko. Ndiyo nzeru yomwe ija tinakuuzani pa ti ndi do.

Ndipo musayese kuti citoliro cotsika mtengo ciribe ulemu. M'zaka za m'ma 1950 anyamata a m'miseu ya Johannesburg analiza nyimbo za kwela ndi citoliro ca mabowo 6 comweci. Wina wa iwo, Spokes Mashiyane, anamveka dziko lonselo. Iwo analowetsa citoliro m'kati mwa kamwa copendeka, natseka mabowo theka, napeza mau amene wocipanga sanawaganizire. Kuno kwathu abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anatenga mayimbidwe omwewo. Gerhard Kubik wa ku Vienna anakomana nao ku Blantyre mu 1967, ndipo pambuyo pace citoliro ca Donald cinamveka kufikira ku Ulaya. Sitinena kuti kwela ilowe m'mapemphero iai. Tinena kuti ngati iwo anadzibvutitsa cotero cifukwa ca nyimbo za pamseu, nanga ife oyimbira Mulungu tidzacita ulesi kodi?

VII. MALANGIZO A KUYESEZA

1. Pezani malo enieni. Si nyimbo yonse ikubvutani. Kawirikawiri ndi mau awiri okha oyandikana. Asiyanitseni ndi ena, muyeseze iwo okha.

2. Yambani osauzira. Tsamizani citoliro pa cibwano, penyani zala, muziyendetse kucokera pa mi kupita pa fa ndi kubwerera. Ici mutha kucita ngakhale pa kamtengo, muli kubusa kapena polinda mbalame kumunda.

3. Pouzira, dulani mpweya ndi lilime pakati pa mau awiriwo, monga ponena "tu, tu," ndi kusintha zala pa kamphindi ka cete. Zala zitazolowera, yesani ndi mpweya umodzi wosadula. Pamenepo mudzamva ngati kaliu kacilendo kakalipo.

4. Musafulumire. Lizani monga ayendera nkhalamba ya ndodo. Mukatha kakhumi motsatana osalakwa, onjezani liwiro pang'ono, mukalakwa, bwererani. Kubwereza colakwa mofulumira ndiko kuphunzitsa zala kulakwa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

5. Zala zikhale pafupi ndi mabowo. Cala cokwera kutali cicedwa kubwera. Tsekani ndi mnofu wa kunsi kwa cala, si ndi nsonga yace iai. Ndipo musafinye citoliro, pakuti dzanja loumitsa siliyenda.

6. Mau awiriwo atakhala bwino, onjezani liu limodzi la patsogolo pao ndi limodzi la pambuyo. Bwino lace mzere wonse. Potsiriza nyimbo yonse.

7. Mphindi 15 tsiku liri lonse ziposa maora awiri a Loweruka lokha. Dzanja likayamba kuwawa, lekani.

8. Yesezani awiri: wina ayimbe do, re, mi ndi pakamwa, wina alize. Woliza kawirikawiri samva colakwa cace, koma mnzace acimva msanga.

9. Sabata likafika malowo asanatheke, musaikepo liu lina. Khalani cete pamenepo, anthu ayimbe okha. Kapena siyani citoliro kunyumba tsikulo. Kulibe manyazi pa ici.

VIII. PHUNZIRO LA MTIMA

Mnyamata uja anamvera. Anayeseza mi ndi fa madzulo ali onse, ndipo patapita masabata atatu zala zace zinalola. Koma tsiku limene analiza nyimbo ija molungama, anthu anayimba monga mwa cizolowezi cao, ndipo amai ena anamceukira ndi maso oipa, nayesa kuti walakwa ndiye. Pamenepo anaimirira, napempha mkuru wa Mpingo amlole kunena, nati, "Makolo anga, amene ndinakusoceretsani ndine, kale ndinali kudumpha malo ondibvuta." Kuongola zala zace kunatha masabata atatu, kuongola mudzi kunatha miyezi.

Abale, yense wa ife ali nao malo ace pamene zala za mtima zikana. Kubwera ku chalichi, kuyimba, kupereka copereka, izi ena tizicita monga makwerero apafupi aja, ndipo tizibwereza mokondwera cifukwa tizitha. Koma kukhululukira mbale amene analimira malire a munda wathu, kunena zoona pabwalo pamene wopalamula ndi mphwathu, kukana cikho ca mowa pamene anzathu atiseka, apa ndipo tidumpha, ndi kuikapo cina coyandikana naco: timpatsa mbaleyo moni, koma mumtima tisungabe mlandu. Ndipo ana athu, amene atitsata monga mudzi uja unatsata citoliro, aphunzira Cikristu copotoka, nayesa kuti ndico coona. Mankhwala ace ndi omwe aja: kuchula malo enieni pamaso pa Mulungu, osati kungoti "ndine wocimwa" mwa cisawawa, kuyamba pang'ono, kubwereza tsiku ndi tsiku ndi pemphero, kulola mnzathu atiuze pamene tilakwa, ndipo ngati tasoceretsa ena, kuimirira ndi kubvomereza.

MAFUNSO A KUKAMBIRANA M'KALASI

1. Cifukwa ninji liu likwera pamene titsegula bowo?
2. Do akakhala pa zala zitatu, fa tidzampeza bwanji?
3. Pocoka pa mi kupita pa fa, mukamva do pakati, calakwa ndi cala citi?
4. Amisiri a ku Germany anapindulanji, nataya ciani, posintha mabowo a recorder?
5. Woliza acitenji Sabata likafika iye asanathe malo obvuta?
6. Nanga pa moyo wanu, malo amene mulambalala ndi ati?

Aphunzitsi a m'midzi awerengere phunziro ili anyamata ndi atsikana onse okhala ndi zitoliro, ndipo aliyese pamodzi nao citoliro ciri m'manja. Mtendere ukhale nanu nonse.